Kuphunzira Nyimbo Pamodzi ndi Phunziro Lachiwiri: Yankho kwa Wophunzira wa ku Ngala

Mawu Oyamba

Pamene tinali kuyendera ophunzira athu amene anali kuyeserera kuphunzitsa m'sukulu za m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhotakota, tinafika pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Ngala, kumpoto kwa minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, pa msewu wa M5. Inali nyengo ya mwera, ndipo mafunde anali kumveka mpaka m'kalasi. Titatha kuonerera phunziro lake, wophunzira wathu wina, mnyamata amene ankatsogolera kwaya ya pakoleji, anatipempha kuti tilankhule naye pambali.

"Aphunzitsi," iye anatero, "ndikadzagwira ntchito zaka zingapo ndifuna kukapitiriza maphunziro ku yunivesite. Mtima wanga uli pa nyimbo, koma bambo anga akuti nyimbo sizidyetsa banja. Kodi nditenge nyimbo pamodzi ndi phunziro lina, kapena kutero ndi kudzinyenga? Paja akulu amati mapanga awiri avumbwitsa."

Tsiku limenelo tinamuyankha mwachidule chifukwa galimoto inali kutidikira. Koma funsoli ndi la ambiri a inu, motero taganiza zoliyankha mofatsa m'nkhani ino. Yankho lathu ndi ili: nyimbo ndi phunziro lachiwiri zimavumbwitsa munthu amene amaziona ngati mapanga awiri otalikirana, nathamanga uku ndi uko mvula ili kugwa. Koma amene wasankha phunziro lachiwiri loti lidzamthandize kumvetsa nyimbo, ndi kulola nyimbo kumthandiza kuphunzitsa phunzirolo, ameneyo wamanga nyumba imodzi ya zipinda ziwiri.

Kumene Nyimbo Zimaphunziridwa m'Dziko Lathu

Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964 ndipo inayamba kuphunzitsa mu 1965. Aphunzitsi a kusekondale ankaphunzira pa Soche Hill College ku Blantyre kufikira 1973, pamene kolejiyo inaphatikizidwa ndi Chancellor College pa malo atsopano ku Zomba. M'zaka zoyambirira za m'ma 1980 kunatsegulidwa ku Zombako nthambi yotchedwa Department of Fine and Performing Arts, imene inasonkhanitsa nyimbo, zisudzo ndi zojambula pansi pa denga limodzi. Mu 2021 makoleji a yunivesiteyi anapatukana, ndipo dzina loti University of Malawi linatsalira ku Zomba. Nayo Malawi University of Science and Technology, imene inatsegulidwa mu 2014 ku Ndata m'boma la Thyolo, inakhazikitsa digiri ya African Musicology pansi pa Bingu School of Culture and Heritage.

Pali zinthu ziwiri zimene tifuna muzione pamenepa. Choyamba, wophunzira uphunzitsi wa kusekondale kawirikawiri amakonzekera maphunziro awiri oti akawaphunzitse, motero funso la phunziro lachiwiri silithawika. Chachiwiri, sukulu za sekondale zimene zimaika nyimbo pa ndandanda ya maphunziro ndi zowerengeka. Mphunzitsi wodziwa nyimbo zokha akafika pa sukulu, mphunzitsi wamkulu amamfunsa kuti, "Nanga china chimene mungaphunzitse ndi chiyani?" Bambo a mnyamata uja sanalakwitse kotheratu. Chimene sanachione ndi chakuti phunziro lachiwiri lingathe kukhala khomo lolowetsera nyimbo m'kalasi.

Ku pulayimale zinthu zinasintha mu 2007 pamene ndondomeko yatsopano ya maphunziro inayamba kugwira ntchito. Nyimbo, masewera olimbitsa thupi ndi ntchito zamanja zinaphatikizidwa m'phunziro limodzi la Expressive Arts. Kotero inu amene mudzaphunzitse ku pulayimale mwayamba kale kusenza nyimbo pamodzi ndi maphunziro ena, ngakhale musanapondeko pa yunivesite.

Nyimbo ndi Chiyankhulo

Mnzake wapafupi wa nyimbo ndi chiyankhulo. Chichewa ndi chiyankhulo chimene tanthauzo la mawu limadalira kukwera ndi kutsika kwa liwu. Tikamanena "mtengo" womera m'nkhalango, liwu limakwera pa phatikizo la "te". Tikamanena "mtengo" wa nsomba pamsika, liwu limakhala lotsika m'mawu onsewo. Polemba mawu awiriwa amafanana, koma khutu limawasiyanitsa. Wopeka nyimbo amene sadziwa zimenezi angathe kukweza nyimbo pamene chiyankhulo chikutsika, ndipo omvera amamva ngati mlendo akuyankhula. Nyimbo zambiri za m'tchalitchi zimene amishoni anazimasulira, naika mawu athu pa maimbidwe a kwawo, zili ndi vuto limeneli. Tinazolowera kuziimba, koma mukamvetsera nyimbo ya pamtondo kapena ya m'nthano mudzamva kuti kawirikawiri maimbidwe ake amayenda pamodzi ndi kayankhulidwe.

Munthu wina amene anayenda njira imeneyi ndi J. H. Kwabena Nketia wa ku Ghana, amene anabadwa mu 1921 namwalira mu 2019. Iye anayamba monga inu, pa koleji ya aphunzitsi ya Presbyterian Training College ku Akropong. Mu 1944 anapita ku London kukaphunzira za kapangidwe ka ziyankhulo pa School of Oriental and African Studies, ndipo ali komweko anaphunziranso nyimbo pa Trinity College of Music. Buku lake lofotokoza nyimbo za maliro za mtundu wa Akan linatuluka mu 1955, ndipo The Music of Africa linatuluka mu 1974. Akanakhala woimba chabe sakanatha kufotokoza m'mene ng'oma za kwawo zimatsanzira kayankhulidwe ka anthu. Akanakhala wa ziyankhulo chabe sakanatha kulemba maimbidwe ake.

Ku Ngala ana amakula akumva Chichewa ndi Chitonga, ndipo ambiri amaimba m'ziyankhulo zonse ziwiri. Mphunzitsi wa nyimbo ndi Chichewa angathe kupempha ana a Sitandade 6 kuti abweretse nyimbo imene asodzi amaimba pokoka khoka. Ailembe pabolodi, ana aigawe m'maphatikizo, aombe m'manja pa phatikizo lililonse, kenaka aone mawu amene mtsogoleri amaimba ndi amene gulu limavomera. Akatero aiyankhule nyimboyo popanda kuimba, namvetsera ngati liwu likukwera pamalo omwewo. M'phunziro limodzi lomwelo ana aphunzira maphatikizo, kamvekedwe ka mawu ndi kapangidwe ka nyimbo, ndiponso aona kuti zimene makolo awo amaimba kunyanja ndi zoyenera kulowa m'kalasi.

Nyimbo ndi Mbiri Yakale

M'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuchokera kumpoto kwa Nkhotakota kufika ku Nkhata Bay, amuna amavina malipenga. Amavala zoyera zochapa bwino, amaima m'mizere monga asilikali, ndipo amaliza malipenga a zikho amene pakabowo kake amamatapo kansalu kopyapyala ka chisa cha kangaude, kapena pepala lapulasitiki masiku ano, kuti liwu linjenjemere. Gulu lililonse limatchedwa boma, ndipo limakhala ndi mfumu yake ndi maudindo otengera a usilikali. Mwana wofunsa mafunso angadabwe kuti zimenezi zinachokera kuti.

Yankho lake ndi phunziro la mbiri yakale. Amuna ambiri a dziko lino analowa m'gulu la asilikali la King's African Rifles, limene linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo ena ochuluka anasenza katundu pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Anaona perete ndi mabandi a asilikali, ndipo pobwerera kwawo anazisandutsa gule. Malipenga, mganda ndi beni ndi magule a pachibale. Dzina loti beni linachokera ku mawu a Chingerezi otanthauza gulu la oliza zoimbira. Amene analongosola bwino za ulendo wa magule amenewa, kuchokera ku gombe la kum'mawa kwa Africa kufika kuno, anali katswiri wa mbiri yakale, Terence Ranger, m'buku lake la 1975 lotchedwa Dance and Society in Eastern Africa. Iye anaona kuti gule angathe kukhala umboni wa mbiri monga momwe kalata ya m'nyumba yosungiramo zakale ilili.

Mphunzitsi wa nyimbo ndi mbiri yakale akafika pa mutu wa nkhondo yoyamba ya dziko lonse sayenera kuyambira ku Ulaya. Ayambire pa boma la malipenga la m'mudzi. Ana afunse akuluakulu kuti gulu lawo linayamba liti, analiyambitsa ndani, maudindo ake ndi otani ndipo zovalazo zimatsanzira ndani. Zimene apeza azifananitse ndi zimene zili m'buku. Mwana amene wachita zimenezi waphunzira kufunsa mboni ndi kuyesa umboni wake, ndipo imeneyo ndiyo ntchito yeniyeni ya wolemba mbiri.

Tionjeze kuti nkhokwe ya maphunziro otere ilipo kale. Hugh Tracey anajambula nyimbo zambiri za dziko lino mu 1950 ndi mu 1958, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music, imene anaikhazikitsa mu 1954 ndipo inasamukira ku Rhodes University ku South Africa mu 1978. Gerhard Kubik wa ku Austria, amene anaphunzira za chikhalidwe cha anthu, anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba mu 1967, ndipo mu 1987 anatulutsa ku Zomba buku la Malawian Music: A Framework for Analysis mothandizana ndi a Malamusi ndi a Kachamba a ku Chileka. Ntchito imene anaiyamba ikudikira ana a dziko lino odziwa nyimbo ndi phunziro lina kuti aipitirize.

Nyimbo, Masamu ndi Sayansi

Ena amaganiza kuti nyimbo ndi masamu ndi zinthu zosayenderana. M'sukulu zaukachenjede za ku Ulaya zaka mazana apitawo nyimbo zinkawerengedwa m'gulu limodzi ndi masamu a manambala, masamu a maonekedwe a zinthu ndi maphunziro a nyenyezi. Chifukwa chake mungachione ndi thabwa limodzi, misomali iwiri ndi waya.

Kungani waya wotalika masentimita 60 pathabwa ndi kumuliza. Liwu limene latuluka litcheni doh. Tsono ikani kamtengo pakati penipeni kuti mbali yolira ikhale masentimita 30; mudzamva doh wapamwamba, pakuti waya wa theka amanjenjemera kawiri pa nthawi imene wathunthu amanjenjemera kamodzi. Sunthani kamtengoko kuti mbali yolira ikhale masentimita 40, ndiwo magawo awiri mwa atatu, mudzamva soh. Pa masentimita 45, magawo atatu mwa anayi, mudzamva fah. Agiriki akale ankati amene anatulukira zimenezi ndi Pythagoras. Mwana amene magawo a manambala amamuzunguza pabolodi amawamvetsa akawamva ndi khutu, ndipo woliza kaligo m'mudzi amachita masamu omwewa ndi zala zake posintha utali wa chingwe.

Chitsanzo china sichifuna chida chilichonse. Gawani kalasi pawiri, ndipo mwana mmodzi aziwerenga mokweza kuyambira 1 mpaka 12. Gulu loyamba liziomba m'manja pa 2, 4, 6 ndi kupitirira; lachiwiri pa 3, 6, 9 ndi 12. Magulu awiriwa adzakumana pa 6 ndi pa 12 pokha. Pamenepo ana apeza okha nambala yaing'ono imene 2 ndi 3 amalowamo mosatsala, ndiponso amva kulukana kwa ziwiri ndi zitatu kumene kumakometsa ng'oma zathu zambiri.

Nyanja nayo ndi chipinda choyeseramo za sayansi. Phokoso limayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi imodzi mumpweya. Msodzi akamenya bwato ndi nkhafi ali pa mtunda wa mamita 700, ana oima pagombe adzaona dzanja likutsika, koma kugundako adzakumva patapita pafupifupi masekondi awiri. Ichi ndicho chifukwa chake oimba otalikirana pa bwalo lalikulu amasemphana ngati satsata wotsogolera ndi maso.

Komabe pali chenjezo. Sayansi yophunzira mwatheka ingathe kupangitsa mphunzitsi kunyoza zoimbira za kwathu. Valimba ya ku Chigwa cha Shire siichunidwa monga piyano; mawu ake asanu ndi awiri amatalikirana pafupifupi mofanana. Amene amadziwa doh, ray, me yekha adzati valimbayo ndi yolakwika. Amene anaphunzira nyimbo ndi sayansi mokwanira adzayesa mawuwo, naona kuti ali ndi dongosolo lawolawo limene amisiri ake amalitsata mosamala.

Mtengo Wake wa Kusenza Ziwiri

Tingakunamizeni titanena kuti njirayi ndi yosalala. Nyimbo ndi phunziro la thupi monga momwe lilili la mutu. Mbiri yakale mungaiwerenge maola asanu Loweruka, koma zala ndi mmero sizilola zimenezo. Zimafuna kuphunzitsidwa tsiku ndi tsiku. Kukonzekera kwa kwaya kapena kwa gulu la zoimbira kumachitika madzulo, nthawi imene anzanu ali m'nyumba yowerengeramo mabuku. Zoimbira ndi zochepa, ndipo mudzayenera kudikirana. Ambiri a inu mudzafika ku yunivesite mukudziwa solofa wa kukwaya koma osadziwa kuwerenga nyimbo zolembedwa pa mizere isanu, motero chaka choyamba chidzakhala chothamangira anzanu. Ndiponso si maphunziro onse amene malamulo a yunivesite amalola kuwaphatikiza. Nyimbo zimakhala m'gulu limodzi ndi ziyankhulo ndi mbiri yakale, kotero kuziphatikiza ndi amenewa n'kosavuta kusiyana ndi kuziphatikiza ndi sayansi.

Alexander Borodin wa ku Russia, amene anabadwa mu 1833, anali mphunzitsi wa sayansi ya zosakaniza mankhwala ku St Petersburg ndiponso wopeka nyimbo wotchuka. Ntchito zonse ziwiri anazichita bwino, koma sewero lake lanyimbo la Prince Igor analigwira zaka 18 ndipo anamwalira mu 1887 asanalimalize. Analimaliza ndi anzake, Rimsky-Korsakov ndi Glazunov. Kusenza ziwiri kumatheka, koma kuli ndi mtengo wake, ndipo munthu ayenera kuudziwa asanalowe pamsika. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Pali ngozi inanso imene taiona kwa aphunzitsi ena atayamba ntchito. Amafika pa sukulu ali ndi maphunziro awiri, napatsidwa makalasi a phunziro lachiwiri lokha chifukwa ndilo likusowa mphunzitsi. Chaka choyamba amati kwaya adzayambitsa chaka chamawa. Zikapita zaka zisanu, gitala ili pamwamba pa kabati yopanda zingwe. Nyimbo sizinaphedwe ndi munthu aliyense. Zinafa ndi kudikira.

Malangizo kwa Amene Akufuna Kuyenda Njirayi

Choyamba, sankhani phunziro lachiwiri limene mungalikonde ngakhale nyimbo palibe. Mudzaliphunzitsa maola ambiri pa sabata kwa zaka zambiri, ndipo ana amazindikira msanga mphunzitsi amene akuphunzitsa chinthu chimene anachitenga ngati pothawira.

Chachiwiri, musanalembetse werengani malamulo a chaka chimenecho a yunivesite imene mukufuna, ndipo funsani akuluakulu a nthambi zonse ziwiri ngati nthawi za maphunziro awo sizigundana. Malamulo amasintha, ndipo zimene mnzanu anachita zaka zapitazo mwina sizikuloledwanso.

Chachitatu, patulani theka la ola tsiku lililonse la chida chanu kapena liwu lanu, makamaka mmamawa, ndipo mulisunge ngakhale pa nthawi ya mayeso. Theka la ola masiku asanu ndi limodzi limapindula kuposa maola atatu tsiku limodzi.

Chachinayi, pamene mwapatsidwa ufulu wosankha mutu wa kafukufuku, sankhani umene uli pamalire a maphunziro anu awiri, monga kamvekedwe ka mawu m'nyimbo za asodzi kapena mbiri ya boma limodzi la malipenga. Ntchito imodzi idzalimbitsa mbali zonse ziwiri, ndipo katundu adzapepuka.

Chachisanu, yambani lero. Khalani ndi kope lolembamo nyimbo za kumene mukuyeserera kuphunzitsa: mawu ake, solofa wake, amene amaziimba ndi nthawi imene amaziimba. Mukafuna kujambula mawu pa foni, pemphani chilolezo kwa oimbawo ndi kwa mfumu. Kumbukirani kuti nyimbo zina, monga za chinamwali ndi za kudambwe, zili ndi eni ake ndi malire ake. Gule wamkulu analemekezedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005, koma ulemu umenewo sunapatse mphunzitsi ufulu woulula m'kalasi zimene eni ake amazisunga.

Mawu Otsiriza

Patapita milungu itatu tinabwereranso ku sukulu ija ya ku Ngala kukaonerera mnyamata uja kachiwiri. Tsiku limenelo anali kuphunzitsa magawo a manambala ku Sitandade 5. Anali atatola thabwa la bwato lakale kugombe, nakungapo waya wa mabuleki a njinga, ndi kulembapo masentimita ndi makala. Ana ankabwera mmodzimmodzi kudzasuntha kamtengo, anzawo akuimba liwu limene latuluka ndi kutchula gawo lake. Mtsikana wina wa kumbuyo, amene mphunzitsi wa kalasilo anati sakonda kuyankhula, ndiye anayamba kuzindikira kuti pa theka liwu limabwerera kwawo koma lili pamwamba.

Phunziro lija linali ndi zolakwika zake. Nthawi inamuthera asanapereke ntchito yolemba, ndipo tinamulembera zimenezo pa pepala lake. Potsanzikana tinamufunsa ngati anali ataganiza za phunziro lachiwiri. Anati akali kusinkhasinkha pakati pa Chichewa ndi masamu, ndipo kuti pa tchuthi adzatenga thabwa lija kupita nalo kwawo kuti bambo ake akalione.